Chidyamakanda Chovala Suti: Maganizo pa Love in the Afternoon

Sabata yatha, titatha kuonera filimu ya Love in the Afternoon, mnzanga wina wa chaka chachiwiri anandiuza kuti chikondi sichiwerenga zaka. Sindinamuyankhe pomwepo. Yankho langa ndi lino, ndipo ndalibweretsa kubwalo lathu kuti mulipete monga mwa chizolowezi.

Filimuyi inatuluka mu 1957 ndipo anaikonza ndi Billy Wilder. Nkhani yake ikuchitikira ku Paris. Ariane, namwali wophunzira zoimbaimba, ndi mwana wa bambo amene ntchito yake ndi kuzonda anthu ozembera mabanja awo. Namwaliyu agwa m'chikondi ndi Frank Flannagan, mpondamatiki wa ku America amene ali ndi zibwenzi paliponse pomwe wapondapo. Audrey Hepburn, amene akusewera Ariane, anabadwa mu 1929. Gary Cooper, amene akusewera Flannagan, anabadwa mu 1901. Akusiyana zaka 28.

Ndivomere kuti ndinaseka nawo, chifukwa Wilder amadziwa kuyala nthabwala. Chondidandaulitsa si zaka zokhazo ayi, koma momwe filimuyi ikuzibisira. Kawirikawiri nkhope ya Cooper ikuoneka mumthunzi, ngati kuti mwini kamera akuchita manyazi ndi makwinya. Flannagan ali ndi ndalama, chipinda ku hotela ya Ritz, ndi gulu la oimba lomutsatira kulikonse. Ariane alibe kanthu koma bodza: akupeka mndandanda wa zibwenzi zomwe sanakhale nazo kuti mkuluyo amuyese munthu wodziwa dziko. Tsono tikamaseka, tikuseka yani? Tikuseka mwana amene akudzinamizira uhule kuti afanane ndi munthu woyenera kukhala bambo ake.

Mathero ake ndiwo akundikayikitsa kwambiri. Sitima ikunyamuka, Ariane akuthamanga m'mbali mwake misozi ili mbwembwembwe, ndipo Flannagan akumunyamula kumulowetsa m'sitimamo. Kenaka mawu a bambo ake akutiuza kuti awiriwa anakwatirana. Ukwatiwo waikidwa ngati chigamba pa nsalu yong'ambika. Za Ariane atafika zaka 40, akusamala nkhalamba yomwe sinazolowere mkazi mmodzi, filimu sikufuna kuti tiziganizire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akanakhala filimu imodzi yokha, bwenzi nditakhala chete. Koma Hepburn yemweyo anamupatsa Humphrey Bogart mu Sabrina ya 1954, ndi Fred Astaire mu Funny Face ya 1957, onse awiri obadwa mu 1899. Pokonza Charade ya 1963, Cary Grant, wobadwa mu 1904, anaona kuti n'zochititsa manyazi kuti iye azithamangitsa mtsikana, ndipo nkhani inasinthidwa kuti mtsikanayo ndiye azimufuna. Ena amati Grant anachita ulemu. Ine ndikuti anangosenzetsa mtsikana mlandu wa mkulu. Mwambowu sunathere m'zaka zimenezo: mu 2015 Maggie Gyllenhaal ananena kuti, ali ndi zaka 37, anamukana kusewera bwenzi la mwamuna wa zaka 55 chifukwa chakuti wakula.

Njira ina ilipo. Mu Something's Gotta Give ya 2003, Nancy Meyers akutenga mkulu wokonda atsikana, Jack Nicholson, n'kumuika patsogolo pa mayi wa chibwenzi chake, Diane Keaton. Pamenepo zaka zikutchulidwa poyera, ndipo wosekedwa ndi mwamunayo.

Mnzanga uja ndimufunse chinthu chimodzi. Lachisanu madzulo tonse timaona magalimoto ataima kunja kwa nyumba zogona atsikana, ndipo eni ake timawadziwa dzina: zidyamakanda. Palibe amene amawaombera m'manja. Nanga Flannagan tinamuombera chifukwa chiyani? Ngati yankho ndi suti, Paris ndi nyimbo zokoma, ndiye kuti chomwe timanyansidwa nacho pa amalume athu aja si khalidwe lawo, koma kuti alibe gulu la oimba lowatsatira.