Tayeza fupa mokwanira, nanga mwanayo?

Mu 2000, Fatterpekar ndi anzake analemba m'magazini ya Radiology kuti ana ena obadwa osamva amakhala ndi kanjira kopapatiza ka m'fupa komwe mtsempha wakumva umadutsamo pochokera mu cochlea, kachiwalo kooneka ngati nkhono mkatikati mwa khutu. Kuchokera pamenepo, kafukufuku wambiri wa ana osamva khutu limodzi wakhala wa zithunzi za CT ndi mamilimita. Nditawerenga angapo, ndikuona kuti atiphunzitsa zambiri za fupa koma zochepa za mwana.

Choyamba chondivuta ndi muyezo weniweniwo. Kanjirako kamakhala pafupifupi mamilimita 2 m'khutu labwinobwino. Ofufuza ena amati ndi kopapatiza kakachepera 1.5, pomwe ena amaika malire awo pamwambako kapena pansipo. Ndiye kuti mwana mmodzimodziyo angawerengedwe wodwala m'kafukufuku wina, wina n'kumusiya. Komanso ana oyezedwawo ndi okhawo anafika kuzipatala zazikulu zokhala ndi makinawo, choncho ziwerengero zake sizingatiuze kukula kwa vutoli pakati pa anthu.

Chachiwiri n'chachikulu. Dzina la vutoli limamveka ngati fupa lafinya mtsempha. Koma ofufuza ambiri amaganiza kuti kanjirako kamapapatiza chifukwa mtsemphawo sunakule bwino, kapena kunalibe n'komwe, mwana ali m'mimba. CT siionetsa mtsempha, imaonetsa fupa. Mtsempha umaoneka pa MRI. Kusiyanaku si kwa m'kalasi chabe. Kholo likamva zoti "njira ndi yopapatiza", limafunsa za opaleshoni yoikulitsa, yomwe singabweretse mtsempha umene kulibe. Ngakhale cochlear implant imadalira mtsempha womwewo.

Pali mfundo ina yomwe imangotchulidwa modutsa, chonsecho kwa ife ndiyo yofunika kwambiri. Mwa ana ena otere cochlea imagwirabe ntchito, motero kamakina ka OAE kangasonyeze kuti khutu lili bwino pomwe phokoso silikufika ku ubongo. Kuyeza kwa ABR ndiko kumagwira vutoli. Chipatala chodalira OAE yokha chingatsanzike mayi ndi uthenga wabwino wolakwika.

Nanga mwanayo akamakula? Apa ndi pamene kafukufuku wa CT amakhala chete. Bess ndi Tharpe anaonetsa kale m'zaka za m'ma 1980 ku America kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu osamva khutu limodzi anabwerezapo kalasi. Anawo ankaphunzira m'makalasi a ana ochepa. Taganizirani kalasi ya ana 100, khutu lomvalo litaloza kuzenera. Mwana wotere amalankhula bwino, choncho amangotchedwa wamwano kapena wosamvera.

Inu amene mumakumana ndi ana kusikelo ndi m'midzi simufunika CT kuti mumuthandize. Funsani mayi ngati mwana amasokonezeka kumene mawu akuchokera, kapena amatembenuzira mbali imodzi yokha akamaitanidwa. Mutumizeni kukayezedwa makutu onse awiri, lililonse palokha. Uzani aphunzitsi amukhazike kutsogolo, khutu lomva litaloza kwa iwo. Khutu lotsalalo ndi lokhalo alinalo: mafinya m'khutu achizidwe msanga, ndipo dokotala adziwitsidwe asanapereke mankhwala owononga kumva monga gentamicin. Muchenjezenso makolo za pamsewu, chifukwa mwanayo amamva galimoto koma sadziwa mbali imene ikuchokera.