Bulangete la Mkungudza: Luso la Carey Newman

Zaluso zokumbutsa za sukulu zogonera komweko, zomwe boma la Canada ndi mipingo ankatsekeramo ana a eni nthaka, zimaweruzidwa ndi muyeso wolakwika. Ambiri amangofunsa ngati zikuthandiza chiyanjano, ngati kuti mmisiri ndi nkhoswe yoti iziziritse mitima. Ana pafupifupi 150,000 anadutsa m'sukuluzi, akuletsedwa kulankhula zinenero zawo, ndipo ambirimbiri anafera komweko. Nkhani yotere imafuna umboni kaye.

Carey Newman, wosema wa mtundu wa Kwakwaka'wakw ndi Coast Salish, amene bambo ake anadutsamo m'sukuluzi, anazindikira zimenezi popanga Witness Blanket. Ngakhale limatchedwa bulangete, ndi chimango cha matabwa a mkungudza chotalika mamita 12, chogawidwa m'zigawozigawo ngati nsalu yolumikiza. Iye ndi anzake anazungulira dziko lonse la Canada kutolera zinthu zoposa 800 m'mabwinja a sukulu, m'matchalitchi, m'nyumba za boma ndi kwa anthu amene anapulumuka: njerwa, zidutswa za matabwa, zithunzi, nsapato ya mwana, tsitsi loluka.

Luso lake lili pa kudziletsa. Sanaseme nkhope yolira ngakhale imodzi. Chinthu chilichonse anachipatsa malo akeake, osachikongoletsa, kotero woona amayamba waima n'kudzifunsa kuti nsapatoyi inali ya yani. Tsitsi lolukalo likunena za lumo lomwe linkalandira ana tsiku loyamba, popanda wina kufotokoza. Ndiye pali chitseko cha chipinda cha odwala cha sukulu ya St. Michael's ku Alert Bay, choimikidwa pakati penipeni. Ana anachitsegulapo ndi manja awo. Burashi iti ingafikepo pamenepo?

Chithunzi chimene Kent Monkman anajambula mu 2017, The Scream, cha apolisi, ansembe ndi masisitere akulanda ana kwa amayi awo, n'champhamvu ndithu, koma chimalira m'malo mwa woona n'kumusiya wopanda chochita. Zipilala zosalala zodula riboni nazo n'zosafunika kutayirapo nthawi.

Bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lomwe linkafufuza za sukuluzi, linatsiriza ntchito mu 2015 ndi mfundo 94 zofunika kuchitapo kanthu, ndipo mkangano wa chiyanjano sunathe. Newman sanayese kuuthetsa. Mu 2019 anagwirizana ndi Canadian Museum for Human Rights ku Winnipeg kuti bulangetelo lisakhale katundu wa aliyense: onse awiri ndi osunga chabe, ndipo panganolo analimanga ndi mwambo wa makolo kuwonjezera pa kusaina.