Doreen Norton ndi Luso Lotembenuza Wodwala

Wokalamba akagona nthawi yaitali osatembenuka, magazi sadutsa bwino pathako, m'chiuno ndi pachidendene. Khungu limafa, kenako pamabuka chilonda chozama chovuta kupola. Kale ambiri ankangoti ndiwo ukalamba. Doreen Norton, namwino wa ku Britain wobadwa mu 1922, sanakhutire ndi yankho limenelo.

Pamodzi ndi Rhoda McLaren komanso dokotala Norman Exton-Smith, anafufuza za odwala okalamba m'chipatala ku London, ndipo mu 1962 anasindikiza zimene anapeza. M'kafukufukuyo munachokera muyeso umene lero umatchedwa ndi dzina lake. Namwino amaona zinthu zisanu: mphamvu za thupi, mmene mutu ukugwirira ntchito, ngati wodwalayo amayenda, ngati amatha kudzisuntha pabedi, ndiponso ngati amadziyipitsira. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 4. Onse pamodzi akakhala 14 kapena kucheperapo, ndiye kuti chilonda chayandikira.

Pa zinthu zisanuzo, chachiwiricho ndi chimene chimandigwira mtima. Agogo osokonezeka maganizo, kapena amene angoti zii osalabadira kanthu, sanena pamene pakupweteka ndipo sapempha kuti awatembenuze. Norton anaika maganizo a wodwala pamuyeso wa khungu, chinthu chimene wina wothamangira kumanga bandeji akanachiphonya.

Njira yopewera inali yosalira ndalama zambiri: kutembenuza wodwala maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Ndi ntchito yothyola msana, yosowa woiombera m'manja, koma Norton anasonyeza ndi manambala kuti imachepetsa zilonda. Anamwalira mu 2007, muyeso wake ukuphunzitsidwabe m'masukulu a anamwino.