Iye, Mlongo ndi Mwabi: Ndemanga pa Mabuku Aŵiri ndi Malire a Chinenero Chathu

Pakati pa ife ophunzira zinenero za Chibantu pali mau amene timakonda kuwabwereza monyadira, akuti galamala wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Nzoonadi kuti mloŵam'malo iye, m'Chicheŵa ngakhalenso m'Chishona, saulula ngati wonenedwayo ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo agwirizanitsi a gulu la Mu-A nawonso ali chete pa nkhaniyi. Kuchokera apa ena amafulumira kugamula kuti munthu amene Chingelezi chimamutcha nonbinary, kutanthauza wosadziŵerengera kwa amuna kapena kwa akazi, alibe vuto la chinenero kwathu kuno. Pepala lino likutsutsa chigamulo chimenecho, makamaka pamene munthuyo alinso ndi ulumali kapena nthenda yamgonagona. Tidzatsamira pa mabuku aŵiri a m'Chingelezi: The Book of Memory la Petina Gappah, lotuluka mu 2015, ndi Freshwater la Akwaeke Emezi, la mu 2018.

Woŵerenga amene tikuyesera naye mabukuŵa ndi mdzukulu wa matchona a ku Nyasaland wokhala ku Kambuzuma, Rugare kapena Mufakose, kumadzulo kwa Harare. Pamseu amalankhula Chishona, kwa agogo ake amamva Chicheŵa, ndipo kuyambira 2013 malamulo aakulu a Zimbabwe amaŵerengera Chicheŵa pa zinenero 16 zovomerezeka. Munthu wotere akafuna kuuza abale ake chimene iye ali, mau ayenera kuwatola m'zinenero ziŵirizi.

Buku la Gappah lili pafupi ndi kwao. Wosimba nkhani, Memory, anabadwa ndi khungu lachialubino ndipo anakulira ku Mufakose. Akulemba ali m'ndende ya Chikurubi, atagamulidwa kuti anapha Lloyd Hendricks, mzungu amene anamlera kuyambira ali ndi zaka 9. Mphamvu ya bukuli ili pa mmene likuonetsera kuti Memory sanapatsidwepo mpata wodzitchula yekha. Thupi lake limalankhula iye asanatsegule pakamwa, ndipo anthu a m'komboni ali nalo kale dzina: musope, murungudunhu. Chicheŵa nachonso chili ndi ake, mwabi, napweri, mzungudala, ndipo onseŵa ndi mau a oonerera. Lloyd, kumbali yake, amakonda amuna anzake ndipo amabisa. Chinsinsi chake chimaululika pamene Memory, atapweteka mtima chifukwa cha Zenzo amene onse aŵiri ankamfuna, alembera apolisi kalata yopanda dzina.

Gappah waika pamodzi kusiyana koonekera ndi kusiyana kobisika, ndipo wachita bwino kusonyeza kuti wonyozedwa nayenso akhoza kupereka mnzake. Koma zinthu ziŵirizi wazigaŵira matupi aŵiri, ndipo chachiŵiricho wachipereka kwa mzungu wa ku Umwinsidale amene sitimumva akudzifotokoza yekha. Mosafuna, bukuli likusiya chilili chikhulupiriro cha m'makomboni chakuti zotere nzachizungu. Tikumbukirenso kuti Lloyd ndi mwamuna wosakayika za umuna wake. Nkhani yake ndi ya amene amamkonda, pamene yathu ndi ya chimene munthu ali. Mau monga mathanyula ndi ngochani, amene Marc Epprecht m'buku lake Hungochani la mu 2004 anawafufuza m'mbiri ya makomboni a migodi, amanena za mchitidwe wa pakati pa amuna, choncho satithandiza pano.

Kuti tipeze zinthu ziŵirizo m'thupi limodzi tiyenera kutuluka m'chigawo chathu kupita ku Nigeria. Emezi, wobadwira ku Umuahia mu 1987, amanena poyera kuti sali mwamuna kapena mkazi, ndipo m'Chingelezi amatchulidwa ndi they. Ada, mwini nkhani wa Freshwater, ndi ogbanje, mwana amene Aigbo amakhulupirira kuti amabadwa, kufa ndi kubadwanso kwa mai mmodzimodzi. Mbali yaikulu ya nkhaniyi ikusimbidwa ndi mizimu yokhala mwa Ada, imene imadzitcha ife. Pakati pake pali Asughara ndi Saint Vincent, ndipo wachiŵiriyu ngwachimuna. Dokotala akanati Ada akudwala matenda a maganizo, pakuti amadzicheka ndipo amayesa kudzipha. Bukuli likukana kuti dzina la kuchipatala likhale lomaliza. Nkoyenera kudziŵa kuti mu 2001 Esther Nzewi anafalitsa kafukufuku wogwirizanitsa ana ochedwa ogbanje ndi nthenda ya magazi ya sickle cell. Motero liu limene Emezi wasankha linali kale pa malire a nthenda ndi mzimu.

Womasulira Freshwater m'Chicheŵa angaone chinthu chodabwitsa. Ife wa mizimuyo amaloŵa bwino lomwe. Koma they wa munthu mmodzi, amene m'Chingelezi amadzidzimutsa woŵerenga, akasanduka iwo amangomveka ngati ulemu wamba, wofanana ndi umene timapereka kwa agogo kapena amfumu. Chimene Chingelezi chimalengeza ndi kaliu kamodzi, Chicheŵa chimachimeza osachitafuna. Ena adzati umenewo ndi mtendere. Ife tikuti kukhala chete kwa mloŵam'malo kumalanda munthuyo chida chotchipa chodziululira, nkumsiya kuti alimbane ndi mau olemera kwambiri, a chibale.

Taonani liu lakuti mlongo. Mwamuna amatcha mlongo mbale wake wamkazi, mkazi amatcha mlongo mbale wake wamwamuna. Ofanana amatchana mkulu ndi mng'ono. Chishona chimachita chimodzimodzi ndi hanzvadzi, mukoma ndi munin'ina. Kuti liuli ligwire ntchito tiyenera kudziŵa mbali ya anthu aŵiri, wotchula ndi wotchulidwa. Choncho wina akati sindili mwamuna, sindili mkazi, sakusintha dzina lake lokha ai. Akugwedeza mau amene mbale wake aliyense amadzidziŵira nawo. Mfunda nawo ngwotero: uyu ndi aPhiri, uyo ndi Naphiri, monga kwa Ashona a mtundu wa Shava mwamuna ali Mhofu ndipo mkazi ali Chihera. Nzoona kuti chibale chathu chili ndi mau odumpha malire, monga malume amene magwero ake ndi mai wamwamuna, ndi atate aakazi ponena azakhali. Komatu ameneŵa ndi maudindo opatsidwa ndi banja, ndipo palibe amadzisankhira. Chimodzimodzinso Mariya wa Gule Wamkulu, amene amavinidwanso m'makomboni a Harare: chilombocho ndi chachikazi pabwalo pokha, ndipo mwambo umaletsa kufunsa za m'kati mwake.

Nthenda ikaloŵapo, mau ameneŵa amasanduka manja. Wodwala wosatha kudzisamalira amasambitsidwa, ndipo mwambo umati mwamuna asambitsidwe ndi amuna kapena mkazi wake, mkazi ndi akazi anzake. Mlongo sayenera kuona umaliseche wa mlongo wake. Kuchipatala kuli chipinda cha amuna ndi cha akazi, ndipo kalata yogonekera wodwala ili ndi malo aŵiri okha. Munthu wamphamvu akhoza kunena zakukhosi, akakanidwa nkusamukira ku Johannesburg. Wodalira dzanja la amai ake kuti amwe mankhwala amayamba waŵerengera mtengo wa liu lililonse. Apa ndi pamene Freshwater, ngakhale lili buku lolimba mtima, likutalikira woŵerenga wa ku Kambuzuma. Ada amapita kukaphunzira ku America, amapeza dokotala womchita opaleshoni ya maere, ndipo ulamuliro wodzitchula amautenga kwa mizimu. Funso lakuti adzamdwazika ndani akakanidwa ndi abale silikumpanikiza monga lingapanikizire mnzake wa m'nyumba ya zipinda zinai yokhalamo mabanja aŵiri.

Galamala yemweyo amene ali chete pa za umuna ndi ukazi amalankhula mokweza pa za thupi. Chishona chimaika chirema m'gulu la zinthu ndi bofu m'gulu lachisanu; Chicheŵa chimaika chitsiru ndi chindere m'gulu la Chi-Zi, kotero kuti timati chafika m'malo mwa wafika. Patrick Devlieger analemba za kaikidwe kotere ka maina a olumala m'zinenero za Chibantu. Mabungwe a anthu aulumali analimbana nazo potsogoza liu lakuti munthu, ndipo lero pa wailesi za ku Malaŵi timamva munthu wachialubino, munthu waulumali. Kusinthaku kunachokera kwa eni ake, akatswiri nkutsatira pambuyo.

Nkhani ya Tiwonge Chimbalanga ikusonyeza mbali imene eni ake amayambira. Atamangidwa ku Blantyre mu December 2009 chifukwa cha chinkhoswe chake ndi Steven Monjeza, nyuzi za m'Chingelezi zinalemba za amuna aŵiri, pamene Tiwonge ankanena kuti ndi mkazi. Anthu omdziŵa ankamuitana Aunt Tiwo, liu la chibale lobwereka ku Chingelezi, limene linanena zimene mloŵam'malo sakanatha kunena. Tiwonge anali ndi mbali yoloŵako, ya akazi, ndipo liu linalipo. Kwa wosaloŵa mbali iliyonse, mau a chibale amene Chicheŵa chingampatse osamkakamiza kusankha ndi oŵerengeka: mbale, mwana, mdzukulu, msuweni, ndipo akakalamba, agogo.