Kumasulira Kokondweretsa Mlendo

Kampani ya Viz, imene Seiji Horibuchi anaiyambitsa ku San Francisco m'chaka cha 1986, inatchuka pomasulira m'Chingerezi nthano za zithunzi za ku Japan, zotchedwa manga. Ajapani amawerenga mabuku amenewa kuchokera kumanja kunka kumanzere. Posafuna kuvutitsa owerenga Chingerezi, a Viz poyamba ankatembenuza tsamba lililonse monga achitira kalilole. Motero wankhondo wogwira lupanga kudzanja lamanja ankasanduka wamanzere. Mawu ankamveka ndithu, koma chithunzi chinkanama.

Zoterezi sizachilendo kwathu kuno. Buku la Samuel Josia Ntara lotchedwa Nthondo linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 linasindikizidwa m'Chingerezi, atalimasulira T. Cullen Young. Tiyenera kumuyamika Young, pakuti ndiye anafikitsa Ntara kwa anthu a ku London. Komabe taonani mutu umene bukulo linapatsidwa: Man of Africa. Ntara analemba za munthu mmodzi, Mchewa, wokhala ndi dzina lake ndi mudzi wake. Mutu wa Chingereziwo unamuvula dzinalo numusenzetsa Africa yense. Ngakhale Mngoni wa kwa Gomani kuno ku Ntcheu, wovina ngoma yake, analowetsedwamo osafunsidwa.