Nambala Yaikulu ndi Mawu Oyilongosolera m'Chichewa

Kalembera wa chaka cha 2018, yemwe adachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, adapeza kuti m'Malawi mudali anthu 17,563,749. Nambala imeneyi ndi muyeso wabwino wa mawu a masamu amene Chichewa chili nawo, makamaka kwa akonzi a mabuku a sukulu ku Malawi Institute of Education ndi aphunzitsi a ku Domasi College of Education, m'chigwa cha Domasi.

Poyamba pali vuto la katchulidwe. Chichewa chimawerenga mpaka pa zisanu, kenaka nkumaphatikiza. Motero nambalayi imatchulidwa kuti mamiliyoni khumi ndi asanu ndi awiri, zikwi mazana asanu ndi makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, mazana asanu ndi awiri, makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Kuchuluka kwa "ndi" kumasokoneza womvera, chifukwa sadziwa pamene gawo lina lathera. Apa mkonzi wanzeru amangolemba nambalayo mu zizindikiro zake, ndipo palibe chimene chiyankhulo chataya.

Vuto lalikulu lili pa mawu onena za mtundu wa nambala. Popeza 17,563,749 imathera ndi 9, ikagawidwa pawiri imatsalako 1. Mawu obwera msanga pakamwa ndi oti "nambala yosagawika". Koma mawu omwewa amabweranso pofotokoza nambala monga 7, 13 ndi 29, zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi, zija Angerezi amati "prime". Iyi ndi mitundu iwiri yosiyana. Zizindikiro zisanu ndi zitatu za 17,563,749 zikaphatikizidwa zimapereka 42, kusonyeza kuti nambalayi imagawika ndi 3. Imagawikanso ndi 7, pakuti 3 kuchulukitsa ndi 7 kuchulukitsanso ndi 836,369 zimabala 17,563,749. Mwana wophunzitsidwa kuti nambalayi ndi "yosagawika" waphunzira bodza, ndipo tsiku la mayeso adzalakwa chifukwa cha mawu, osati chifukwa cha masamu.

Nkofunika tsono kuti mtundu uliwonse ukhale ndi dzina lake. Nambala monga 8 itchedwe "yogawika pawiri", monga 9 itchedwe "yotsala imodzi", ndipo monga 13 itchedwe "yodzigawa yokha". Mawuwa ndi otalikirapo, koma amanena chimene nambalayo imachita, ndipo nambala 2, yomwe ndi yogawika pawiri komanso yodzigawa yokha, imalowa bwino m'magulu onse awiri.

Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidathetsedwa mu 1995, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies mu 1996. Ntchito yogwirizanitsa mawu a masamu ikuyembekeza akatswiri a chiyankhulo ndi a masamu kuti akhalire pamodzi, popeza mutu umodzi susenza denga.