Misozi Yolirira Wamkulu: Kuunika Kanema wa Burnt by the Sun

Kanema wa Nikita Mikhalkov wotchedwa Utomlyonnye solntsem, yemwe kunja kwa Russia amadziwika ndi dzina loti Burnt by the Sun, adatuluka m'chaka cha 1994. Chaka chomwecho adalandira mphotho ya Grand Prix ku Cannes, ndipo mu 1995 adapata mphotho ya Oscar. Ambiri amamutenga ngati nyimbo yolirira akuluakulu a asilikali amene adaphedwa mu ulamuliro wa Joseph Stalin. Koma pali funso limene kanemayu akulidzutsa kenaka n'kulizemba: kodi mtsogoleri wodyedwa ndi ulamuliro womwe adaumanga yekha ayenera kuliridwa motani?

Nkhani yonse ikuchitika tsiku limodzi, m'nyengo yotentha ya 1936. Mpangankhani wamkulu ndi Sergei Kotov, mtsogoleri wa asilikali wotchuka chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni imene idatsatira kusintha kwa boma mu 1917. Iye akupumula kumudzi pamodzi ndi mkazi wake Maroussia ndi mwana wawo Nadya. Poyambirira, alimi akumuitana kuti aletse akasinja omwe akufuna kupondereza munda wa tirigu, ndipo dzina lake lokha likukwanira kuwabweza. Kenaka pakufika mlendo, Mitya, bwenzi lakale la Maroussia, amene tsopano ndi kazitape wa apolisi achinsinsi a NKVD. Pabanjapo pakuimbidwa nyimbo, pakuseweredwa mpira, koma madzulo galimoto yakuda ikubwera kudzatenga Kotov. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kotov ndi munthu wopeka, koma zimene zikumuchitikira zili ndi maziko m'mbiri. Mu Ogasiti 1936 adamangidwa Vitovt Putna ndi Vitaly Primakov, onse atsogoleri a asilikali. Pa 11 Juni 1937, awiriwa pamodzi ndi Marshal Mikhail Tukhachevsky ndi ena asanu adazengedwa mlandu mwachinsinsi, pa bodza loti adapangana ndi dziko la Germany, ndipo adawomberedwa mlanduwo utangotha. Mwa anthu asanu oyamba kukhala ndi udindo wa Marshal, atatu adafa pa kusesaku: Tukhachevsky, Vasily Blyukher ndi Alexander Yegorov. Blyukher adali mmodzi mwa oweruza a Tukhachevsky, koma mu 1938 naye adafera m'ndende. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbiriyi ikusonyeza kuti ophedwawo sadali alendo ku nkhanza. Mu 1921 Tukhachevsky ndiye adatsogolera asilikali amene adathetsa ndi mfuti kuukira kwa amalinyero ku Kronstadt ndiponso kwa alimi ku Tambov. Pa mfundo imeneyi ndi pamene kanemayu akuonetsa luso lake lenileni. Pang'onopang'ono woonera akuzindikira kuti Kotov yemweyo ndiye adakakamiza Mitya kupita kunja kukagwira ntchito yaukazitape, yopereka atsogoleri a gulu lomwe lidagonja pankhondo, ndipo Mitya atachoka, Kotov adakwatira Maroussia. Choncho msampha umene ukumukola madzulo a tsikulo ndi womwe adautchera yekha zaka zambiri m'mbuyomo. Ngakhale ali kale m'galimoto, iye akudalirabe nambala ya lamya ya Stalin imene ali nayo, poganiza kuti kungoimba kamodzi zonse zitha. Kotov sakutsutsa ulamuliro womanga anthu popanda mlandu. Chimene chikumudabwitsa ndi chakuti ulamulirowo wafika pa iye.

Chofooka cha kanemayu ndi chakuti mfundo yolemera chotere ikumira m'chikondi chimene wokonza ali nacho pa mpangankhani wake. Mikhalkov ndiye akusewera ngati Kotov, ndipo Nadya ndi mwana wake weniweni, Nadezhda Mikhalkova. Nthawi yaitali ikuthera pa bambo ndi mwana ali m'bwato pamtsinje, akuseka ndi kukumbatirana. Zolakwa za Kotov zikungomveka m'mawu, pamene ubwino wake ukuoneka ndi maso. Popeza chimene diso laona chimalemera kuposa chimene khutu lamva, woonera akutuluka ali ndi chisoni chokhachokha pa Kotov, ndipo mkwiyo wake wonse ukugwera Mitya, amene naye ndi munthu wothyoledwa, ndipo pamapeto akudzipha.

Pali mpangankhani wina amene akuulula chofookachi momveka. Tsiku lonse dalaivala wa lole akuzungulira m'deralo atasochera, akufunsa njira kwa aliyense popanda womuthandiza. Madzulo lole yake ikutseka msewu wa galimoto yakuda ija, ndipo iye akuona nkhope ya Kotov itatupa ndi zibakera. Pa chifukwa chokhacho apolisi akumuwombera, uku chibaluni chikukweza m'mwamba chithunzi chachikulu cha Stalin. Mawu olembedwa kumapeto akufotokoza kuti Kotov adawomberedwa mu 1936 ndi kuyeretsedwa dzina mu 1956, kuti Maroussia adafera m'ndende mu 1940, ndipo akutchulanso zimene zidachitikira Nadya. Za dalaivala uja palibe liwu. Apa kanemayu akutengera chizolowezi cha boma lenilenilo, lomwe lidayeretsa dzina la Tukhachevsky mu 1957 pamene anthu wamba osawerengeka adatsala m'manda osadziwika.

Zimene Mikhalkov adachita pambuyo pake zikutsimikizira kumene mtima wake udali. M'makanema awiri otsatira, a 2010 ndi 2011, adamuukitsa Kotov, kunena kuti sadaphedwe, ndi kumubwezera kunkhondo yolimbana ndi Germany. Potero adafafaniza mathero amene adapatsa kanema woyamba ulemu wake.

Burnt by the Sun ndi ntchito yoyenera kuphunziridwa, makamaka ndi ofufuza zolemba zokhudza maulamuliro ankhanza. Ikuonetsa bwino momwe mantha amalowera m'nyumba dzuwa likuswa mtengo, atavala nkhope ya mlendo wodziwika. Koma ikuchenjezanso alembi kuti kugwa kwa wamkulu kumakopa diso kotero kuti wolemba angathe kuiwala amene wamkuluyo adawapondereza, ndi amene adafera m'mbali mwa msewu popanda wofunsa dzina lawo.